Masiku asanu ku Reykhólar, mudzi wa ndere ndi mawira

Lachinayi usiku

Tafika bwino, abale. Ndikulemba ndili pawindo la kanyumba komwe tikugona, nthawi yakwana 11 koloko usiku koma kunja kuli mbee ngati 5 koloko madzulo kwathu ku Nkhotakota. Mwezi wa Juni kuno ku Iceland mdima kulibe. Dzuwa limangobisala pang'ono kuseri kwa mapiri, posakhalitsa latulukanso.

Ena mwa inu mukudziwa kuti ndili m'dziko lino pa maphunziro a kasamalidwe ka nsomba. Ubale wa Iceland ndi Malawi unayamba mu 1989, ndipo unayambira pa nsomba zomwezi, nchifukwa chake anthu a ku Mangochi dzina la dzikoli si lachilendo kwa iwo. Mnzanga wina wa kuno, yemwe timagwira naye ntchito, anandifunsa malo amene ndingakonde kuona ndisanabwerere kumudzi. Ndinamuuza kuti mathithi ndaona okwanira, koma chimene mtima wanga ukufuna ndi mudzi womwe madzi otentha a pansi pa nthaka amagwira ntchito yodyetsa anthu. Sanachedwe kuyankha. Anati tipite ku Reykhólar, kwawo kwa amayi ake.

Tinanyamuka ku Reykjavík dzuwa litapendeka. Msewu umalowa m'ngalande ya Hvalfjörður, pafupifupi makilomita 6 pansi pa nyanja, n'kukatulukira tsidya lina. Pa Borgarnes tinagula buledi, batala ndi nsomba youma. Kuchoka apo tinakhotera mumsewu wa nambala 60, kukwera chitunda cha Brattabrekka, kutsikira ku Búðardalur, n'kuoloka Gilsfjörður pa msewu womwe anauyala pamadzi. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 230. Mitengo m'njira monsemo ndi yowerengeka. Nkhosa ndiye zili paliponse, zoyenda zitatuzitatu, make ndi ana awiri, popanda m'busa.

Mudziwo unaonekera tili patali ndithu. Nyumba zoyera pachitunda, tchalitchi cha denga losongoka, kuseri kwake phiri lalitali lokhala ndi zigamba za chipale, kutsogolo nyanja yodzaza tizilumba. M'madambo a kumunsi nthunzi inali tolotolo m'malo angapo, ngati anthu asonkha moto wa zinyalala m'dimba. Dzina la mudziwu latengera pomwepo, limatanthauza zitunda za utsi. Anthu ake angopitirira 100 pang'ono. Ali ndi sukulu, kagolosale, nyumba yosungira okalamba ndi dziwe losambiramo.

Nditatsegula mpopi wa madzi otentha m'bafa ndinamva kafungo ka dzira losukusa. Fungo limenelo ndimalidziwa kuyambira ndili mwana. Ndi la ku Mawira, kasupe wa madzi otentha wa kwathu ku Nkhotakota, komwe amayi ankapita kukachapa mabulangete.

Lachisanu

Lero lonse ndathera pa ndere, ndipo zolemba zikhala zazitali.

Ndinadzuka 6 koloko n'kusuzumira pawindo, nyanja kulibe. Pomwe dzulo panali madzi panali matope, miyala ndi ndere zofiirira zoyalana mpaka kutali. Ife a kunyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi amakwera pambuyo pa mvula n'kumaphwa pang'onopang'ono m'chilimwe, kamodzi pachaka. Kuno nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, mwezi ndi umene umaikoka. Mu Breiðafjörður muno, chigawo cha nyanja chomwe mudziwu wayang'anizana nacho, kusiyana kwa madzi akadzaza ndi akaphwa kumafika mamita 5 kapena kuposerapo pa nthawi ya mwezi wathunthu ndi mwezi watsopano. Izi ndinaziwerenga kale m'mabuku, koma kuona boti litagona chammbali pamatope m'mawa, masana likuyandama pamalo omwewo, ndi nkhani ina. Aliyense m'mudzi muno amadziwa nthawi ya madzi monga mlimi amadziwira mitambo.

Tinavala majombo n'kutsetserekera kugombe. Ndikamati ndere musaganize za tobiriwira toterera timene timamera pamiyala ya padooko kwathu. Izi ndi zomera zazitali, zina kuposa mkono wa munthu wamkulu, zolimba ngati lamba wa chikopa. Mtundu wochuluka kuno amautcha klóþang. Ndinazula tsinde limodzi kuti ndilione bwino. Mizu lilibe, limangokakamira pamwala ndi kaphazi kozungulira ngati kandalama, ndipo chakudya chonse limatenga m'madzi. M'litali mwake muli timatumba ta mpweya tokhala ngati mtedza wosasenda, totalikirana pang'ono. Madzi akadzaza, timatumbato timaimiritsa chomeracho kuti chilandire dzuwa. Mnzanga anandiuza kuti ndiwerenge timatumbato kuyambira pansi, chifukwa chomerachi chikakhazikika chimatulutsa kathumba kamodzi pachaka. Ndinawerenga 9. Kanthu kamene ndinazula mosaganizira kanali kamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ndinatukula mulu wina kuti ndione pansi pake, munali nkhono, tinkhanu, tinsomba ndi tizilombo tambirimbiri tikuthawa kuwala. Kunja mphepo inali yozizira, koma pansi pa nderezo panali ponyowa ndi pabata, potetezeka mpaka madzi atabwerera.

Kuchoka apo tinatsata msewu wa kudoko. Fakitale ili pa kachilumba ka Karlsey, komwe anakalumikiza ndi mtunda. Inayamba kugwira ntchito mu 1975, ndipo kunja imadziwika ndi dzina loti Thorverk. M'mbali mwa msewuwo mukudutsa paipi ya madzi otentha ochokera m'zitsime zomwe anaboola m'mudzi. Madziwo amatuluka pansi atapitirira madigiri 100. M'kati mwa fakitale sitinalowe, ndi malo a ntchito, koma padoko tinakumana ndi bambo wina wachikulire yemwe anagwirako zaka zambiri, mnansi wa mnzangayu. Anatifotokozera mosathamanga, manja ali m'matumba.

Odula ndere amayenda pa timaboti tafulati tokhala ndi mipeni kutsogolo, ngati makina otchetchera udzu oyandama. Amadula madzi ali pakatikati, chomera chili chiimire. Zodulidwazo zimakwera pa lamba n'kugwera m'matumba akuluakulu a ukonde, omwe amawamangirira pamodzi n'kuwasiya akuyandama. Kenaka sitima ya fakitale, yotchedwa Grettir, imazungulira n'kumawanyamula. Zikafika kumtunda amaziduladula, n'kuziyala pa lamba woyenda pang'onopang'ono m'chipinda chomwe mukuomba mpweya wotentha. Mpweyawo watenthetsedwa ndi madzi aja a m'paipi. Nkhuni sayatsa, malasha sagula. Zikauma amazigaya kukhala ufa wobiriwira modera, n'kuutumiza kunja, komwe amapangira feteleza, zakudya za ziweto, ndiponso mankhwala olimbitsa zakudya ndi zodzoladzola. Klóþang amadula m'miyezi yofunda. Nyengo yozizira amakokolola mtundu wina wa masamba otambalala womwe umamera pakuya.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, zaka zonsezi mukudula, sizikutha bwanji?"

Anawerama n'kundionetsa ndi dzanja, kuchoka pansi mpaka cha pakati pa mwendo. Anati mpeni sufika pamwala, amasiya tsinde kuti liphukenso, ndipo malo akadulidwa amawasiya zaka zinayi kapena zisanu osawakhudza. Gombe lililonse lili ndi mwini wake, mlimi wa pamtundapo, yemwe amalandira kangachepe pa ndere zodulidwa pake, motero naye amayang'anira.

Mtima wanga unathamangira ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko mfumu imatseka chilumba nyengo ya mvula, asodzi onse n'kuchoka, nsomba n'kuswana, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Utaka wa ku Mbenji aliyense amaudziwa kukula kwake. Nzeru yopumitsa madzi tili nayo ndithu kwathu. Chimene chimandiwawa n'chakuti Mbenji ndi mmodzi, pomwe madooko ena mazanamazana makoka a maso ang'onoang'ono, ena osokedwa ndi neti yotetezera udzudzu, akukokolola ndi ana omwe. Ndinawauza bambowo za Mbenji ndipo anamvetsera mwachidwi. Anafunsa ngati mfumuyo imalipidwa ndi boma pa ntchitoyo. Ndinati mphamvu yake ili pa ulemu umene anthu amaipatsa. Anagwedeza mutu kwa nthawi.

Pafupi pomwepo pali nyumba ina yaing'onopo, ya kampani yopanga mchere ya Norðursalt, yomwe inayamba mu 2013. Apa mpomwe ndinaima nthawi yaitali. Madzi otentha akamaliza kuumitsa ndere amakhala akadali ndi kutentha kwambiri, ndipo kale ankangotayikira m'nyanja. Anthu a mcherewa anawatenga madzi omwewo n'kumaphitsira madzi a m'nyanja m'ziwaya zazikulu zosazama, mpaka mchere utayandama pamwamba ngati timapepala, n'kumauwola ndi manja. Moto umodzi, miphika iwiri. Amayi akumudzi amachita zomwezo akamaika mbatata paphulusa nsima ili pamafuwa.

Mnzanga anawonjeza kuti makolo awo, pamene mchere unali wosowa, ankaotcha ndere zouma n'kumagwiritsa phulusa lake ngati mchere wakuda. Ndinamuuza za chidulo cha agogo, chotcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho ndi makoko a mtedza. Tinaseka tonse poona kuti umphawi unaphunzitsa anthu otalikirana chotere nzeru yofanana.

Madzulo ndinasamba madzi a ndere. Amathira ufa uja wa kufakitale m'chibafa cha madzi otentha a pakasupe, panja, nyanja ukuiona. Madziwo amasanduka obiriwira ndi onanda ngati therere, fungo lake la m'nyanja yamchere. Potuluka khungu linali see, ndipo mapewa amene akhala akundiwawa chifukwa chokhalitsa pa kompyuta anamasuka.

Loweruka

Kunacha ndi mphepo ya kumpoto, yolasa m'mafupa kuposa mwera wa mu Julayi. Tinavala majekete awiriawiri n'kutsata kanjira kochoka kumunsi kwa dziwe losambira kulowera m'dambo. M'malo onyowa kwambiri anayalamo matabwa.

Mbalame, abale! Dambo lonse linali phokoso lokhalokha. Zambiri mwa izo ndi alendo ngati ine, zimabwera kudzaswa m'chilimwe cha kuno n'kubwerera kumwera kukayamba kuzizira. Ina ya mlomo wautali wokhota, yomwe amaitcha spói, imakathera nyengo yozizira ku West Africa. Inaima pachulu cha udzu n'kumalira ngati madzi akubwata mumphika. Koma mwini dambo ndi kría, kambalame koyera ka chisoti chakuda ndi mchira wa mphanda ngati namzeze. Kameneka chaka chilichonse kamauluka kuchoka kuno mpaka ku nyanja za Antarctica n'kubwerera, ulendo womwe palibe mbalame ina imaupitirira. Kamaikira mazira pansi, ndipo ukayandikira chisa kamatsika ndi liwiro kulunjika pamutu. Mnzanga anandipatsa ndodo kuti ndiiimike pamwamba pa mutu, chifukwa kamajompha chimene chatalika kwambiri. Tinadutsa mofulumira kuti tisazisowetse mtendere. Pa kanyanja ka Langavatn pali kanyumba ka matabwa kobisalamo poonera mbalame. Tinakhalamo theka la ola osayankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kunatilipira. Mbalame ina ya khosi lofiira, lómur, inatulukira m'bango ili ndi mwana wake pambali, n'kumira, n'kukatulukira kutali.

Kasupe wa Einireykir ali payekha pakati pa dambo. Usanamuone umayamba wamva kubwata. Madzi oyera ngati galasi akutumphuka pakati pa miyala yomwe yachita dzimbiri loyera ndi lachikasu, nthunzi ikupita ndi mphepo. Mozungulira udzu ndi wobiriwira kwambiri kuposa kwina konse, timaluwa tamera mothinana, poti nthaka ya pamenepo siuma ndi chisanu. Ndinagwira pansi patali pang'ono ndi kasupeyo, dothi linali lofunda ngati pamsana pa ng'ombe. Kamtsinje kochoka pamenepo kamapita kakuzizira, ndipo m'mbali mwake mwamera ndere za mitundu yosiyana molingana ndi kutentha kwa madzi, zachikasu kufupi, zobiriwira kutali. Madzi awa si oviikamo chala. Angakusupule khungu nthawi yomweyo.

Kutentha kumeneku kumachokera ku miyala ya pansi. Madzi a mvula ndi chipale amalowa m'ming'alu ya m'mapiri, amatsika mozama, amatenthedwa, n'kukwera pomwe apeza mpata. Kwathu n'chimodzimodzi, chifukwa nyanja yathu ili m'chigwa chong'ambika, ndipo m'ming'alu yake ndi momwe mumatuluka madzi a ku Chiweta, a ku Mawira ndi a ku Liwonde. Kusiyana kuli pa ntchito imene madziwo apatsidwa. Mu Iceland nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi a pansi. Kwathu timachapira, kusamba, basi.

Nditaima pakasupe paja ndinaganiza za usipa wa m'dzinja. Amene munakulira kunyanja mukudziwa. Asodzi abwera m'mamawa maboti ali tho, amayi agula ndi ndalama ya ngongole, ayanika pathandala, kenaka mitambo yabwera n'kukhala masiku atatu. Usipa uja wayamba kununkha, mtengo wagwa, wina wangokwiriridwa mumchenga. Amene akufuna kupulumutsa katundu wake amathamangira nkhuni, ndipo mapiri a m'mbali mwa nyanja ayera chifukwa cha zimenezi. Pamtunda pang'ono madzi otentha akungoyenderera usiku ndi usana, kaya kuli mvula kaya kulibe. Si nkhani yophweka ayi. Madzi athu ambiri satentha kufika pa a kuno, kuboola chitsime chakuya kumadya ndalama zambiri, ndiponso mpweya wa kwathu m'dzinja ndi wachinyezi. Komabe nsomba yaing'ono sifuna moto waukulu kuti iume. Imafuna mpweya wofunda woyenda mosalekeza. Maganizo amenewa sanandichoke tsiku lonse.

Madzulo tinapita ku Grettislaug, dziwe losambira la mudziwu, lomwe linamangidwa mu 1947. Lamulo la kuno ndi loti usanalowe m'dziwe usambe thupi lonse ndi sopo utavula zonse, amuna kwaokha akazi kwaokha. Alendo ena zimawavuta, koma kwa ine zinali ngati padooko la amuna kwathu. M'mbali mwa dziwe muli timaiwe tozungulira ta madzi otentha, ndipo m'menemo ndi momwe muli bwalo la mudzi. Mlimi, mphunzitsi, woyendetsa sitima, onse khosi lokha lili pamtunda, akukambirana za mtengo wa udzu wa ziweto ndi za msewu watsopano. Ana ang'onoang'ono ankasambira ngati akatumbu. Kusambira ndi phunziro lokakamiza m'sukulu za dziko lino, ndipo chinawakakamiza ndi maliro a asodzi omwe ankamira pafupi ndi gombe. Ndinakumbukira anzanga awiri a ku pulayimale amene nyanja inawatenga, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi.

M'kadziwe momwemo agogo ena aamuna anandisimbira za mwini dzina la dziweli. Grettir anali chimphona chopitikitsidwa m'dziko, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo nkhani yake inalembedwa m'mabuku akale a anthu a kuno. Chaka china anagonera nyengo yozizira pano pa Reykhólar kwa mwinimalo Þorgils Arason, pamodzi ndi zigawenga zina ziwiri, Þorgeir ndi Þormóður. Atatuwo anapita pa bwato kukatenga ng'ombe pachilumba, namondwe anawapeza pobwerera, ndipo atafika kumtunda Grettir anaisenza ng'ombeyo pamapewa. Pambuyo pake anthu anafunsa Þorgils kuti wolimba mtima kwambiri mwa atatuwo ndani. Iye anati Þormóður amaopa Mulungu, Grettir amaopa mdima, koma Þorgeir saopa kanthu. Agogowo ankasimba ngati za munthu amene anamuona dzana. Ndinayang'ana kumwamba kowala 10 koloko usiku n'kuganiza za miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene kuno kumawala maola ochepa okha, ndipo ndinamumvetsa munthu wamphamvu woopa mdima.

Lamulungu

Mapemphero lero kunalibe, m'busa amazungulira matchalitchi angapo. Tinangolowa m'tchalitchimo n'kukhala pang'ono, ine ndinapemphera chamumtima m'Chichewa.

Kenaka tinapita ku nyumba yoonetsera maboti ndi zinthu zakale. Pali mawu amodzi amene ndaphunzira kumeneko, hlunnindi. Amatanthauza zonse zimene malo amapatsa mwini wake popanda kulima: mazira a mbalame, nthenga, nsomba, ndere zodya, nyama za m'madzi zotchedwa selur, ndi mitengo yobwera ndi mafunde kuchoka ku Siberia. Reykhólar anali malo olemera kwambiri pa zimenezi, nchifukwa chake kale ankakhalapo ndi akuluakulu okhaokha. M'zaka za m'ma 1400 mwini wake, Guðmundur Arason, ankatchedwa wolemera chifukwa chuma chake chinalibe wofanana nacho m'dzikoli. Anthu a m'zilumba za Breiðafjörður ankadziwika kuti njala siinkawapha ngakhale m'zaka zoipa, chifukwa nyanja ikaphwa mbale inali yoyalidwa kale. Maboti a anthuwa ndi a matabwa osanjikizana m'mphepete, opepuka, osongoka mbali zonse, opangidwira kudutsa pakati pa miyala ndi mikondo ya madzi. Ndinawasisita nthiti zake ndikuganiza za amisiri athu okhoma maboti pagombe.

Masana tinakacheza kwa azakhali a mnzangayu, mayi wachikulire amene banja lake limasamala abakha a m'nyanja otchedwa æður. Abakhawa ndi akutchire, saweta m'khola. Chaka chilichonse amabwera okha kudzaikira mazira pa zilumba ndi m'magombe omwewo. Thadzi limadzizula nthenga zanthete za pachifuwa n'kuyala m'chisa kuti mazira afunde. Alimi amalondera malowo usiku ndi usana m'nyengo yoswa, kuthamangitsa nkhandwe, makwangwala ndi zina zodya mazira. Abakhawo amadziwa kuti pafupi ndi munthu mpotetezeka, motero amachulukana pamenepo. Mlimi akamazungulira amatenga nthengazo n'kuikapo udzu wouma wofewa, thadzi n'kubwerera kudzafungatira, anapiye n'kuswa bwinobwino. Mbalameyi ndi yotetezedwa ndi lamulo kuyambira m'zaka za m'ma 1800, kuipha ndi mlandu.

Mayiwo anandiuza kuti nditambasule dzanja, nditseke maso. Ndinadikira. Anafunsa ngati ndikumva kanthu, ndinati ayi, mayi. Koma pakatikati pa chikhatho panayamba kufunda ngati ndayandikira makala. Nditatsegula maso ndinapeza mulu wa nthenga zotuwa waukulu ngati dzungu laling'ono uli padzanja langa. Kulemera kwake sindinakumve n'komwe. Ndinaufumbata wonse n'kukwana m'nkhonya, nditatambasula unafufuma pang'onopang'ono kubwerera mwakale. Nthengazi zimakolana zokha, mphepo siimwaza. Kuti apeze kilogalamu imodzi yoyera pamafunika zisa pafupifupi 60, ndipo dziko lonse limatulutsa matani atatu kapena anayi okha pachaka. Akaziumitsa ndi kuzipuntha ndi makina, ntchito yomaliza ndi ya zala, kutola kaudzu kamodzikamodzi. Mayiwo ankatola akucheza nafe, maso ali pa ife, monga amayi athu amasankhira mpunga palichero. Zofunda zopangidwa ndi nthengazi zimagulidwa ndi anthu olemera a ku Japan ndi ku Germany.

Anatipatsa khofi, nsomba youma yopaka batala, ndi söl, ndere zofiira zouma zomwe amadya ngati chotafuna. Kukoma kwake ndi kwa mchere, kumapeto kumakhala ngati utaka wowamba. Ndinawonjezera kawiri. Anandifunsa za ana anga, ndinawaonetsa zithunzi pafoni, ndipo anafuna kudziwa ngati nyanja ya m'chithunzimo ilidi yopanda mchere.

Pobwerera mnzanga anaimitsa galimoto mwadzidzidzi n'kuloza kumwamba. Chimbalame chachikulu, mapiko otambalala ngati chitseko, mchira woyera, chikuzungulira pamwamba pa gombe. Amachitcha haförn, ndipo zambiri za m'dziko lino zimaswera mu Breiðafjörður. Zinatsala pang'ono kutheratu zisanatetezedwe. Ndi mbale wake wa nkhwazi yathu, kungoti iyi ndi yaikulupo ndipo mutu wake si woyera. Ndinadikira kuti ilire monga imalirira yathu m'mamawa pa Chia, koma inangouluka mwakachetechete kulowera kuzilumba.

Lolemba m'mawa

Tinyamuka 10 koloko. M'chikwama ndaikamo timapaketi titatu ta mchere, kena ka amayi, ndi kabotolo ka ufa wa ndere koti ndikaonetse anzanga a ku ofesi. Tikadutsa pa Bjarkalundur kuti ndione mapiri awiri a Vaðalfjöll, omwe ndi mitima ya miyala ya phiri lamoto lakale, kenaka tilunjike ku Reykjavík.

Usiku tulo sitinabwere msanga. Ndinatenga kope n'kujambula zimene ndinamva Lachisanu: paipi yochoka pakasupe, yopindapinda pansi pa thandala lotchingidwa ndi pulasitiki ngati matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa omwe ayamba kuoneka m'madooko ena, ndi kafani koyendera sola kokankha mpweya. Ndinalemba mafunso m'mbali. Madzi a pa Mawira amatentha madigiri angati pomwe akutulukira? Amatuluka malita angati pa mphindi? Malowo ndi a ndani, ndipo amayi ochapa aja angasowe pochapira? Funso lomalizali ndinalidula mzere kawiri.

M'mawa uno ndaimbira mng'ono wanga pa WhatsApp. Kwathu nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, ndinamupeza ali kale pamsika.

"Achimwene, kwagwanji m'mamawa muno?"

Ndinamuuza kuti Loweruka akabwereke choyezera kutentha kwa aphunzitsi a sayansi, atenge ndowa ya malita 20 ndi wotchi, apite ku Mawira. Ayeze pomwe madzi akutumphukira, ayezenso pomwe amayi amachapira, kenaka awerenge masekondi amene ndowayo itenge kuti idzaze. Achite katatu, alembe zonse.

"Ndamva, achimwene. Ndipite ndi ndani?"

"Upite ndi amayi. Akudziwa diso lenileni la kasupeyo, ndipo anzawo ochapa akakufunsa, iwo ndi amene akayankhe."

Pomwe timamaliza kuyankhula nyanja inali itayamba kubwerera. Miyala yomwe ndinapondapo Lachisanu yamira, ndere zaimirira m'madzi, ndipo kutali kamodzi mwa timaboti todula tija kayamba kuyenda kulowera kuzilumba. Mnzanga akuliza hutala panja.